Thiyeta Yanga ndi Maso a Malume

Vuto lonse linachokera m'kalata ya mizere inayi imene ndinalemba ndekha.

Ndinafika ku London kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, nditadzera ku Zambia. Kwathu ndinachokako mothawa, monga anachitira ambiri amene abale awo anasemphana ndi boma masiku amenewo. M'bale wanga wosemphana ndi boma anali malume, mlongo wawo wa amayi. Anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya mishoni, ndipo ndi iwo amene anandilera ndi kundiphunzitsa mpaka Fomu 4. Atathawira ku Lusaka ndinawatsatira. Patapita zaka zingapo mpingo unandithandiza kubwera kuno. Iwo anatsala.

Chaka choyamba ndinatsuka mbale m'mahotela awiri. Kenaka mnzanga wina wa ku West Indies, amene tinkagona nyumba imodzi, anandiuza kuti pakufunika munthu wosesa m'nyumba ina yakale ya zisudzo pakati pa mzinda. Ndinapita, anandilemba. Nditaweruka tsiku loyamba ndinalembera malume.

Nthawi imeneyo tinkalemba makalata aafupi. Sitinkadziwa amene angaitsegule kalata panjira, ndipo munthu ankazolowera kusanena chinthu chimene sanafunsidwe. Ndinalemba kuti: "Ndapeza ntchito ku thiyeta, pakati pa tauni. Ndili bwino. Kuno kukuzizira. Moni kwa onse."

Kwathu thiyeta ndi imodzi yokha, chipinda cha kuchipatala chimene madokotala amachitiramo opareshoni. Akati wodwala alowa naye ku thiyeta, achibale amakhala pansi panja n'kuyamba kupemphera. Azungu kuno amatchula zinthu ziwiri ndi mawu omwewo, chipinda cha opareshoni ndi nyumba ya zisudzo. Ine ndinkadziwa zimenezi. Koma polemba sindinaganize. Ndinangolemba mawu amene ndinawamva tsiku lonse.

Yankho linabwera patatha miyezi iwiri, masamba atatu odzaza. Malume anati kalata yanga anaiwerenga mu tchalitchi, ataimirira. Anati ankadziwa kale kuti sayansi imene ndinkakhoza kusukulu sidzapita pachabe. Anandilangiza kuti ndizisamba m'manja bwino ndi kumvera madokotala, pakuti munthu amayamba ndi kunyamula zipangizo, mawa lake ndiye amagwira mpeni.

Ndinatenga cholembera kuti ndiwongole. Ndinalemba "Okondedwa malume," n'kuima. Anali atataya sukulu yawo, nyumba yawo ndi dziko lawo, ndipo m'masamba atatuwo munali chisangalalo chimene ndinali ndisanachimve kwa iwo chichokere kwathu. Ndinati ndidzawongola m'kalata yotsatira. M'kalata yotsatira ndinanena za chipale chofewa.

Kenaka ndinakwatira. Mkazi wanga ndinakumana naye ku tchalitchi ku Wembley, kumene Amalawi ochepa tinkasonkhana Lamlungu masana m'chipinda chobwereka. Iye ndi nesi weniweni, wa chipatala chenicheni. Malume atamva anayankha kuti n'zosadabwitsa, anthu amakumana kuntchito. Kuyambira pamenepo pa envulopu ankaonjezera zilembo zaulemu patsogolo pa dzina langa, ndipo mkazi wanga akafuna kundiseka ankati, "A dokotala, tiyi wanu akuzizira."

Nthawi zina makalata ankabwera ndi mafunso. Mkazi wawo miyendo ikutupa, achite chiyani? Mwana wa oyandikana nawo akutsokomola, ndi chifuwa chanji? Ndinkafunsa mkazi wanga pa chakudya ngati nkhani wamba, kenaka ndinkakopera yankho lake m'kalata. Iye ankadziwa kumene mayankhowo akupita. Ankayankha mosamala, ndipo nthawi zonse ankamaliza ndi mawu akuti apite kuchipatala cha komweko.

Sindinalembepo kuti ndine dokotala. Sindinalembeponso kuti sindine. Zaka khumi zinadutsa choncho.

Nyumba imene ndinkagwiramo inali yakale kwambiri. Kutsogolo kunali utoto wagolide, makapeti ofiira ndi magalasi aakulu. Kumbuyo, kumene ife tinkakhala, kunali njerwa zakuda, mapaipi ndi fumbi limene silinkatha ngakhale usese kawiri pa tsiku. Siteji yake inali yotsetsereka pang'ono kulowera kwa oonerera, monga ankamangira kale, moti msomali ukaugwetsa unkagubuduka wokha, ndipo pofika madzulo mawondo ankadziwa kuti tsiku lonse waima paphiri. Nditasesa zaka zitatu anandiika m'gulu la antchito a pa siteji a masana. Tinkalowa m'mawa, kukonza zimene zathyoka dzulo, kusintha mababu, kupaka utoto ndi kuyang'ana zingwe. Pamwamba pa siteji pali malo aatali kuposa nyumba ya nsanjika zitatu, ndipo m'menemo mumalendewera nsalu zazikulu zojambulidwa nkhalango, misewu ndi nyumba zachifumu. Iliyonse imatsika ndi kukwera ndi zingwe zonenepa kuposa chala chachikulu. Zingwezo zinandisenda khungu m'manja mwezi woyamba, kenaka panamera lina lolimba.

Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 eni nyumba anayamba kulowetsa alendo masana, kuti azidzaona nyumbayo pamene mulibe sewero. Ankabwera m'magulu, ambiri a ku America, ena a ku Japan, ena okalamba a m'matauni aang'ono a kuno obwera pa basi. Wowayendetsa anali mayi wina wachizungu wa imvi, amene pa utsikana wake ankachita zisudzo koma sanatchuke. Anali ndi mawu omveka mpaka ku mpando womaliza, ndi ambulera yofiira imene ankaikweza kuti gulu lisamwazike.

Ulendo wake unali umodzimodzi, kawiri pa tsiku, masiku anayi pa sabata. Ankayambira pa khomo lalikulu n'kunena kuti nyumba za zisudzo zakale zinkapsa kawirikawiri, poyamba chifukwa cha makandulo, kenaka chifukwa cha nyale za gasi, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero pali chitseko chachikulu chachitsulo chimene chimatsika pakati pa siteji ndi oonerera. Ankawaonetsa kachipinda ka mipando ya banja lachifumu. Ankawakweza masitepe a miyala opita ku mipando ya pamwamba penipeni. Ankawaimika pa kachitseko ka pansi pa siteji, pamene ochita zisudzo amatulukira ngati achokera m'manda. Ankawauza za mzukwa wa m'nyumbamo, ndipo apa ankatsitsa mawu pa malo omwewo tsiku lililonse. Ine ndinagwira m'menemo zaka zonsezo, mzukwawo sindinauone. Ndinaona makoswe.

Gawo langa linali mabingu. Kudenga, pamwamba pa mipando, kuli ngalande yamatabwa yotsetsereka imene anthu akale anaikhoma. Ukagubuduzamo mipira yachitsulo, pansi pamamveka ngati mvula yamkuntho ikubwera. Masewero a masiku ano saigwiritsanso ntchito, ali ndi makina awo, koma alendo ankaikonda. Mayiyo akafika pa siteji ndi gulu lake ankakweza ambulera n'kufuula, "Ndiye kunabwera namondwe!" Ine ndili kumwamba mumdima ndinkagubuduza mipira itatu. Alendo ankakuwa, kuseka, n'kuwomba m'manja. Ndikatero ndinkapita kukatola mipirayo kumapeto kwa ngalande, n'kukweranso nayo, kudikira gulu lachiwiri. Mpira uliwonse unkalemera ngati khanda. Palibe mlendo amene ankadziwa kuti mabinguwo msana ukuwawawa.

Ena akandiona ndikutsika ankandifunsa kumene ndinachokera. Ndikatchula dziko langa ankagwedeza mutu mokoma mtima, n'kufunsa kumene kuli chimbudzi.

Ulendowo ndinaumva kambirimbiri moti ndikanatha kuunena ndili m'tulo. Mbiri ya nyumba za zisudzo za dziko lino ndinaidziwa kuposa mbiri ya mudzi wa kwathu, chonsecho sindinaifune.

Kalata imene inasintha zinthu inabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Zilembo za pa envulopu sizinali za malume. Anachita kuuza mkazi wawo zolemba. Anati maso awo agwidwa ndi ng'ala, onse awiri, moti sathanso kuwerenga Baibulo ndipo nkhope za anthu amaziona ngati zili m'chifunga. Anati anthu a mpingo agwirizana zowatumiza kuno. Mzere womaliza unali wakuti, "Ena akuti ndipite ku chipatala cha mishoni, koma ndawauza kuti ndili ndi mwana wanga ku fiyeta ya ku London." Iwo ankatchula choncho, fiyeta, monga achikulire ambiri.

Ndinaiwerengera kukhitchini, n'kuipereka kwa mkazi wanga. Anaiwerenga ali chiimire, akadali mu yunifomu.

"Ndiye mukawang'amba ndi chiyani? Tsache?"

"Ndiwalembera."

"Muwalembera liti? Taonani deti. Kalatayi yayenda masabata atatu. Akufika Loweruka."

Tsiku limenelo sanaseke. Anati, "Bambo a ana, ine ndakhala chete zaka zonsezi chifukwa ndi malume anu. Koma maso a munthu si nthabwala. Mukawauze pa bwalo la ndege pomwepo."

Sindinawauze pa bwalo la ndege. Anatuluka atagwira mkono wa mtsikana wa kampani ya ndege, atavala suti yakuda imene ndinkaidziwa, ndi chipewa. Thupi linali litatha. Ndinawayandikira mpaka pamaso penipeni iwo osandizindikira, mpaka nditalankhula. Anagwira dzanja langa ndi manja onse awiri, n'kuyendetsa chala m'chikhatho.

"Mphwanga, manja akhakhala bwanji chonchi? Ndi sopo wa kuchipatala ameneyu?"

"Ndi kuzizira, malume."

Masiku atatu anakhala nafe ku Wembley, m'fulati yathu ya zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo. Ana athu aakazi ankawapatsa moni atagwada monga tinawaphunzitsira, kenaka n'kuyankha mafunso awo m'Chingerezi. Malume ankakhala pafupi ndi hita, n'kumanditchulira amene anamwalira ku Lusaka ndi amene akadali m'ndende kwathu. Za maso sanandikakamize. Ankangoti, "Ukapeza mpata kwa akuluakulu ako, undiuze." Ine ndinkati chabwino. Mkazi wanga ankatsuka mbale mwaphokoso.

Lolemba ndikupita kuntchito anandigwira mkono pakhomo, anapapasa jekete yanga yakale ya madontho a utoto. Anafunsa ngati chovala choyera chija ndimachisiya komweko. Ndinati zovala za ntchito zimakhala kuntchito. Zimenezo zinali zoona, ndipo ndinadana nazo kuti ndi zoona.

Lachiwiri tikudya ndinati, "Malume, mawa tipite mukaone kumene ndimagwira ntchito." Ndinkaganiza kuti nyumbayo ikanena zimene pakamwa panga pankakana.

M'mawa ndinawapeza atavala kale, atamanga tayi, atakhala m'mphepete mwa bedi. Pamiyendo panali kachikwama. Mkazi wanga anawabweretsera tiyi ndi buledi, iwo anakana.

"Ayi, mayi, inu ndinu nesi, mukudziwa. Munthu wopita ku fiyeta sadya."

Mkazi wanga anandiyang'ana. Anaika kapu pa tebulo n'kutuluka m'chipindamo. M'kachikwamamo, ndinadzaona pambuyo pake, munali zovala zogonera, mswachi ndi Baibulo limene sankatha kuliwerenga.

Tinakwera sitima pa Wembley Park. Njira yonse anagwira chigongono changa. Pa siteshoni iliyonse ndinkati ndinena pa yotsatira. Tinatsika, tinadutsa m'kamsewu ka kuseri kodzaza zinyalala za m'malesitilanti, tinalowa pa khomo laling'ono la antchito. Mlonda wa pakhomo anandipatsa moni, malume anawagwira chanza.

M'kanjira ka mkati malume anaima, n'kununkhiza.

"Chipatala chake sichikununkha mankhwala. Chikununkha utoto."

Ndinawakhazika pa bokosi la zovala limene linali m'mbali mwa khoma. Ine ndinanjuta patsogolo pawo.

"Malume, thiyeta yake si ya chipatala. Ndi nyumba ya zisudzo. Ine ndimasesa, ndimakoka zingwe. Sindinagwirepo ntchito m'chipatala."

Kwinakwake munthu ankakhoma msomali.

"Chiyambire?" anafunsa malume.

"Chiyambire."

"Kalata ija ndinawerenga mu tchalitchi."

"Inde, malume."

Anavula chipewa, anachitembenuza m'manja, anachivalanso. Sindikudziwa chimene akananena, chifukwa nthawi yomweyo mayi wa ambulera anatulukira pakona. Ndinali nditamuuza dzulo lake kuti ndibwera ndi mlendo. Anafika ndi mawu ake a pa siteji, anati awa ndiye malume a ku Africa aja, mwalandiridwa, gulu likudikira kutsogolo. Malume anali munthu wa ulemu wachikale, mzimayi akawapatsa mkono sankakana. Anaimirira, anamuyankha m'Chingerezi chawo cha m'kalasi, chomveka chilembo chilichonse, n'kupita naye, kachikwama kali m'manja. Ine ndinatsatira m'mbuyo.

Tsiku limenelo gulu linali la anthu a ku America, a makamera m'khosi. Mayiyo ananena za moto ndi makandulo. Malume anamvetsera atapendeketsa mutu, monga ankachitira mwana akamawerenga m'kalasi. Pa kachipinda ka banja lachifumu onse anajambula zithunzi. Iwo anatambasula dzanja n'kukhudza nsalu yofewa ya pampando, kenaka maluwa osema a pakhoma, pang'onopang'ono, mpaka gulu linawasiya.

Pa masitepe a miyala mayiyo anafotokoza kuti kale osauka sankalowera khomo lalikulu. Anali ndi khomo lawo kumbali, ndi masitepe awoawo, kuti asakhudzane ndi olemera. Alendo anapukusa mitu. Malume, osatembenukira kwa ine, anati m'Chichewa, "Ku Blantyre nthawi ya atsamunda ife tinkagulira pa windo." Anali mawu awo oyamba a Chichewa chichokere pa bokosi paja, ndipo sindinadziwe ngati akulankhula nane.

Anakwera masitepe onse, akupuma pa malo awiri. M'mimba mwawo munalibe kanthu chiyambire dzulo. Ndinati titsale pansi, iwo anangopitiriza kukwera.

Titafika kuseri kwa siteji mayiyo anaonetsa zingwe. Anati amanena kuti kale ambiri ogwira ntchito imeneyi anali amalinyero, chifukwa ndiwo ankadziwa zingwe ndi mfundo zake, ndipo ankauzana ndi mluzu nthawi yotsitsa nsalu. N'chifukwa chake mpaka lero munthu saimba mluzu kuseri kwa siteji, angadzigwetsere nkhalango yonse pamutu. Alendo anaseka. Kenaka anandiloza ndi ambulera, anati uyu ndiye mmalinyero wathu, ndipo tsopano atisiya kaye chifukwa ali ndi ntchito kumwamba.

Ndinayenera kuwasiya pakati pa anthu osawadziwa. Ndinakwera makwerero, ndinadutsa pa kamlatho ka matabwa, ndinafika pa ngalande yanga. Pali kabowo pamene ndinkasuzumira kuti ndione ambulera. Ndinawaona pansipo, aang'ono, suti yakuda pakati pa majekete owala, kachikwama atakafungatira pachifuwa.

Mabingu asanafike, mayiyo ankapempha mlendo mmodzi kuti aime pakati pa siteji n'kulankhula osafuula, kuti onse amve mmene nyumbayo inamangidwira, mawu kufika paliponse popanda makina. Ambiri ankachita manyazi, ena ankaimba kanyimbo. Tsiku limenelo anawakokera malume patsogolo. Anaima mowongoka, anakonza kukhosi, n'kunena ndi mawu awo a masiku onse, "Mphwanga, ukundimva?"

Ndinawamva ngati aima pambali panga. Alendo anaseka, poganiza kuti ndi moni wa kwathu. Ndinatsegula pakamwa, koma ambulera inali itakwera kale. Ndinagubuduza mipira.

Anthu anakuwa monga mwa masiku onse. Malume anakweza nkhope kuyang'ana kudenga, kumene sakanatha kuona kalikonse, ndipo anakhala choncho mpaka phokoso litatha, ena onse atasiya kuwomba m'manja.

Nditatsika ndinawapeza ali okha pafupi ndi khoma la zingwe. Gulu linali litapita kukagula mapositikhadi. Anali atagwira chingwe chimodzi. Anachisiya, anafufuza dzanja langa, anayendetsanso chala m'chikhatho ngati pa bwalo la ndege paja.

"Kuzizira," anatero.

Ndinayang'ana pansi.

"Unandimva?"

"Ndinamva, malume."

"Koma sunayankhe. Ndi chizolowezi chako." Anandisiya dzanja. "Mabingu aja ndiwe?"

"Ndine."

"Tsiku lililonse?"

"Kawiri."

"Ndili ndi njala," anatero.

Ndinapita nawo ku kalesitilanti ka pakona kumene antchito tinkadyera. Anadya mazira awiri, nyemba ndi buledi, anamwa makapu awiri a tiyi. Atapukuta pakamwa anati, "Zaka makumi awiri ndinaphunzitsa ana zisudzo za Angerezi za m'mabuku. Ndinkajambula siteji pa bolodi ndi choko, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Lero ndalowamo, maso palibe."

Ndinati ndalakwa.

"Kusesa si kulakwa. Ine ku Lusaka ndinagulitsapo makala, unaona wekha. Koma anthu aja anandiperekeza ku bwalo la ndege akuimba. Amayi ena anandipatsa timapepala ta matenda a abale awo kuti ndikuonetse. Tili m'thumbamu." Anagunda thumba la jekete. "Mizere inayi, mphwanga. Ukanangoonjeza umodzi."

Nkhani ya maso anaitenga mkazi wanga. Lamlungu tikuweruka ku tchalitchi anapita nawo kwa dokotala wina wa kwathu amene ankapemphera nafe, amene anabwera kuno kudzaphunzira n'kutsaliratu. Anawaunika pafupi ndi windo ndi katochi. Anati ng'alayo yakhwima kwambiri ndipo kuichotsa si ntchito yovuta, koma mlendo wa masabata ochepa sangalembedwe pa mndandanda wa zipatala za kuno, ngakhale eni dziko amadikira miyezi. Anafunsa ngati ku Zambia kulibe chipatala cha mishoni chimene dokotala wa maso amafikako.

"Chilipo," anatero malume. "Ndinachikana."

Sabata yomweyo anandiitanira pa tebulo la kukhitchini, anati nditenge pepala. Panali munthu wa mpingo wathu wopita ku Lusaka Lachisanu, ndipo ankafuna kuti kalata ikafike kwa mkazi wawo ndi akulu a mpingo iwo asanafike, kuti anthu asakawachingamire ndi nyimbo. Iwo ankanena, ine ndinkalemba. Moni, ulendo, kuzizira, ana. Anati opareshoni sichitika kuno, akonzekere zopita ku mishoni. Kenaka anati, "Lemba kuti ndaiona fiyeta ya mwana wathu."

Ndinaimitsa cholembera.

"Walemba?"

"Ndilembe choncho, malume?"

"Ine sindikuona zimene ukulemba. Pepala lili m'manja mwako, ngati kale."

Mkazi wanga anali pa sinki. Anatseka mpopi. Ndinalemba, kenaka ndinawawerengera mokweza: "Ndaona kumene mwana wathu amagwira ntchito. Si chipatala. Ndi nyumba ya zisudzo, ndipo iye amasesa ndi kukoka zingwe. Mawu anatisokoneza, ndipo iye anadziwa koma anakhala chete."

Malume anagwedeza mutu. "Onjeza kuti amachitanso mabingu. Akafunsa okha kuti n'chiyani." Ndinaika cholembera m'manja mwawo n'kuwalozera posaina. Dzina lawo linapendama, theka linakwera pa mzere wanga womaliza.

Anabwerera ndi maso omwe anabwera nawo. Patapita miyezi isanu ndi itatu kunabwera kalata ya zilembo zawo, zazikulu ngati za mwana wa Sitandade 1. Diso lamanja anawachotsa ng'ala ku mishoni ndipo anayambanso kuwerenga. Lamanzere dokotala anati linachedwa. M'kalatamo sanandiimbe mlandu. Panalibe chifukwa choti atero, ndinatha kuwerenga ndekha miyezi imene anakhala akudikira ulendo wa ku London. Pa envulopu panali dzina langa lokha, lopanda choonjezera.

Ndinagwira m'nyumba ija zaka zina zisanu ndi chimodzi, mpaka msana unakana makwerero. Mayi wa ambulera ankandifunsa nthawi ndi nthawi za malume a chipewa aja. Anayambanso kuuza magulu ake kuti kunabwerapo mphunzitsi wa ku Africa wosaona bwino amene anakhudza khoma lililonse. Ankanena pa malo amodzimodzi, akuchoka pa kachipinda ka banja lachifumu, kawiri pa tsiku.

Masiku ano ku tchalitchi kukabwera wophunzira watsopano wochokera kwathu n'kundifunsa ntchito imene ndinkagwira, ndimati ndinkasesa ndi kukoka zingwe m'nyumba ya zisudzo. Ndi mawu ambiri kwa munthu ngati ine. Kawirikawiri ndisanamalize amakhala atatembenukira kale kwa mkazi wanga, kufunsa za kuchipatala.